Utsogoleri wozindikira mabala a mumtima pantchito

Utsogoleri wozindikira mabala a mumtima ndi kayendetsedwe ka ntchito komwe bwana amakumbukira kuti ena mwa antchito ake anaonapo zoopsa, monga nkhanza, ngozi, nkhondo kapena imfa yadzidzidzi ya wachibale, ndipo zimenezo zimawatsata mpaka kuntchito. Munthu wotere amatha kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, kujomba, kapena kungouma pakamwa akakalipiridwa.

Maganizowa anayambira m'zipatala za ku America. Madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anatsogolera kafukufuku wa anthu oposa 17,000 ku San Diego, yemwe zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 1998. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anapezeka kuti anakumanapo ndi chowawa chachikulu ali ana. Ambiri a iwo anali anthu ophunzira, apantchito zawo, zomwe zinaonetsa kuti vutoli si la amphawi okha. Mu 2014 bungwe la boma la America lotchedwa SAMHSA linalemba mfundo zisanu ndi imodzi zoti zipatala ndi mabungwe azitsata, kuphatikizapo chitetezo, kukhulupirika ndi kupatsa munthu mpata wolankhula. Makampani anatengera pamenepo.

Pomwe ambiri amasokonezera ndi pa chilango. Amayesa kuti bwana wachifundo amalekerera wolakwa, pamene kulekererako kumangounjikira ntchito anzake ndi kudzetsa manong'onong'o akuti pali kukondera. Muyezo wa ntchito susintha ayi, chimasintha n'kadzudzulidwe. Kalaliki wochedwachedwa amauzidwiratu nkhani imene akumuitanira, amakambirana naye kumbali osati pamaso pa anzake, amamva mbali yake, kenaka amagwirizana zoti akonze ndi tsiku lodzaonanso. Akapanda kusintha, kalata yochenjeza imalembedwabe. Bwana safunika kufukula mbiri ya munthu; imeneyo ndi ntchito ya alangizi, ndipo kufunsitsa kumatha kutsegulanso bala.

Nawo mabwana amayankha mlandu. Wantchito akadandaula kuti wina akumufuna zachisembwere mokakamiza, akuluakulu n'kuikwirira nkhaniyo, wodandaulayo amavulala kawiri. Pofuna kuthana ndi zotere, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa pangano nambala 190 mu 2019, loletsa nkhanza pantchito. Ku Malawi, lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza.