Cholembera cha Kuwala Chomwe Sichinafike ku Mangochi

Makompyuta apanyumba a m'ma 1980, monga Commodore 64 ya 1982, ankalumikizidwa ku wailesi ya kanema, ndipo ena ankawagwiritsa ntchito ndi cholembera cha kuwala. Cholemberacho sichinkatulutsa kuwala, chinkangokuona. Mu kanema wa chubu, kadontho kowala kamathamanga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ka 50 kapena 60 pa sekondi. Kadonthoko kakadutsa pansi pa nsonga ya cholembera, diso la kunsongako linkauza kompyuta, nayo inkawerengera nthawi n'kudziwa pomwe munthu waloza. Katswiri wa makompyuta Ivan Sutherland anali atajambula kale ndi cholembera cha kuwala ku yunivesite ya MIT mu 1963.

Ku Mangochi chipangizochi sichikanakhazikika, popeza Malawi analibe wailesi yakeyake ya kanema mpaka 1999. Ena anganene kuti basi, nkhaniyi siikutikhudza. Ndikukana. Ana a kumwera kwa nyanja anaphunzira kulemba pa sileti m'sukulu za mishoni ya UMCA ku Malindi ndi kwa Mponda, ena pa thabwa ku madarasa, dzanja likugwira pomwe diso likuyang'ana. Nzeru yomweyo ndiyo inali m'cholembera chija. Chinatha chifukwa mkono unkatopa kuloza galasi loimirira, komanso makanema opyapyala alibe kadontho kothamanga koti chione, koma nzeruyo sinafe. Bungwe la Baobab Health litayamba kuika makompyuta ku Kamuzu Central Hospital mu 2001, linasankha ongokhudza ndi chala, kuti ogwira ntchito osazolowera kutaipa asavutike. Anasankha bwino.