Kumeta Maliro: Mmene Achewa Ankamalizira Chisoni

Pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati cha Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, chisoni cha imfa sichinkasiyidwa m'manja mwa namfedwa yekha, chifukwa mudzi wonse unkadziwa tsiku limene kulira kwayamba ndiponso mwambo umene udzakutseke. Mwambowo unkatchedwa kumeta maliro, ndipo unkachitika kawiri. Kumeta koyamba kunkabwera patangopita masiku ochepa adzukulu, omwe ndi anthu osamala mtembo ndi kukumba manda, atamaliza ntchito yawo. Kwachiwiri kunkadikira miyezi ingapo, kawirikawiri mpaka anthu atakolola, popeza pankafunika chimanga chofululira mowa wa bona, umene ndi mowa wokumbukira malemu ndi kutsanzikana nawo.

Nyengo ya pakati pa kumeta kuwiriku ndiyo inali yolemera, pakuti anthu ankakhulupirira kuti mzimu wa malemu ukadali kuyendayenda pafupi ndi mudzi, sunakhazikike pakati pa mizimu ya makolo. Wamasiye ankadziletsa za m'banja poopa mdulo, matenda amene ankati amagwira wachibale ngati wina waswa mwambo wotere. Tsiku la bona likafika, gule wamkulu ankatuluka kudambwe, ndipo kasiyamaliro, chilombo cholukidwa ngati nyama ya m'tchire, ankavina poperekeza mzimuwo. Kenaka akuluakulu a mbali ziwiri zonse ankakhala pansi n'kusudzula wamasiye, ndiko kumumasula kuti akhoza kubwerera kwawo kapena kulowanso m'banja. Nzeru ya mwambowu inali apa: wotsalayo sankadziweruza yekha ngati walira mokwanira, koma ankauzidwa pamaso pa anthu kuti alibe mlandu ndi malemu. Komabe si onse ankamasukadi, pakuti m'mabanja ena mkazi ankapatsidwa m'bale wa mwamuna wake mwa chokolo, maganizo ake osafunsidwa kwenikweni.

Kusintha kudadza ndi amishoni. A Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, pamene ansembe a Katolika a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, ndipo onsewa ankaletsa akhristu awo nyau ndi nsembe za mizimu. M'malo mwa ng'oma mudalowa nyimbo za mpingo zochezera usiku pa siwa, nyumba ya maliro, komanso zovala zakuda za wamasiye. Edzi, imene idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, idachulukitsa maliro kotero kuti masiku okhala pa siwa adafupika.

Lero m'mabanja ambiri ntchito ya bona idatengedwa ndi chiliza, mwala kapena simenti yomangidwa pamanda, chimene abale amasonkhana kukachivundukula. Koma bona ankadikira kukolola, kumene kumafika chaka ndi chaka ngakhale kwa wosauka, pamene chiliza chimadikira ndalama, ndipo mabanja ena amatha zaka zambiri asanachimange.