Mayi Wonyamula Lupanga pa Phiri la Yerevan

Mukadzafika mumzinda wa Yerevan, likulu la dziko la Armenia, cinthu coyamba kukukopani maso cidzakhala cifanizo ca mzimayi woimirira pamwamba pa phiri. M'manja wagwira lupanga copingasa, ndipo kumapazi kwake kuli cishango. Eni dziko amamucha Mayi Armenia. Pamodzi ndi tsinde lake ndi wotalika mamita 51. Pamalo omwewo kale panali cifanizo ca Stalin, wolamulira wa Soviet Union, cimene anaciimika mu 1950. Mu 1962 anacigwetsa, ndipo mu 1967 mayiyu analowa m'malo mwake. Anamuumba ndi Ara Harutyunyan.

Ulemu wotere kwa mkazi unayamba kale. Makilomita pafupifupi 20 kumadzulo kwa Yerevan kuli tauni ya Vagharshapat, kumene kuli chalichi ca Hripsime, comangidwa mu 618. Mbiri ya mpingo wa kumeneko imati Hripsime anali namwali wacikhristu amene mfumu Tiridates inafuna kumukwatira. Iye anakana, ndipo anaphedwa pamodzi ndi mtsogoleri wake Gayane ndi anzawo. Mfumu itadwala, mlongo wake Khosrovidukht ndiye anaumirira kuti aturutse Gregory m'dzenje momwe anamutsekera zaka 13. Gregory anaciritsa mfumuyo, ndipo mu 301 Armenia inakhala dziko loyamba kulandira Cikhristu monga cipembedzo ca boma. Mabuku amatama Gregory, koma mukawerenga bwino muona kuti akazi ndiwo anayendetsa nkhani yonseyi.

Nanga m'nyumba zinali bwanji? Apa m'pamene pali zodabwitsa. M'midzi yambiri ya Armenia mtengwa sanali kuloledwa kulankhula ndi apongozi ake, makamaka aamuna. Anali kuphimba pakamwa ndi nsalu, ndipo akafuna kanthu anali kulankhula ndi manja, kapena kunong'oneza mwana kuti akanene. Kukhala cete kumeneku kunali kutenga zaka, kawirikawiri mpaka atabereka. Ife tonse tidziwa manyazi a pakati pa mtengwa ndi apongozi, koma uku kunali kupitirira muyeso. Ine ndiona kuti mtundu ukhoza kumangira mkazi chalichi ca miyala kwinaku ukum'tseka pakamwa pa moto pake pomwe.

Tsopano tsikani phiri lija mulowe mu Matenadaran, nyumba yosungiramo mabuku akale olembedwa pamanja. Muli buku lalikulu la maulaliki locokera ku Mush, lolembedwa pa zikopa za ana a ng'ombe pakati pa 1200 ndi 1202. Limalemera makilogramu pafupifupi 28, kuposa thumba la unga la 25 kg limene mumanyamula pocokera kusitolo.

Mu 1915 boma la Ottoman linayamba kupha ndi kupitikitsa anthu a mtundu wa Armenia, ndipo oposa miliyoni imodzi anafa. Amayi awiri othawa anapeza bukuli ku nyumba ya amonke imene inali itapasulidwa. Taganizani: njala, ludzu, adani kumbuyo, ulendo wa pansi wodutsa m'mapiri. Munthu wanzeru akanalisiya. Iwo analing'amba pakati, aliyense n'kusenza theka lake. Mmodzi anafika nalo ku likulu la mpingo ku Etchmiadzin. Winayo anafooka panjira, nakwirira theka lake m'bwalo la chalichi ku Erzurum, ndipo anamwalira. Pambuyo pake msilikali wina wa gulu lankhondo la Russia analipeza, ndipo zigawo ziwirizo zinadzakumananso.

Patangopita zaka zinayi, mu 1919, dziko laling'ono la Armenia lodziimira palokha linalola akazi kuponya voti, pamene akazi a ku France anadikira mpaka 1944. Amayi atatu anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya mipando 80. Boma limenelo silinakhalitse. Kumapeto kwa 1920 asilikali a Soviet analanda dzikolo.

Amayi atatu aja maina awo analembedwa, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Varvara Sahakyan. Koma nkhani ya buku la ku Mush imasimbidwa mpaka lero ndi mau akuti "amayi awiri", basi.