Kalawa Jazmee ndi anyamata a ku Soshanguve

Mu 2013 ukwati kapena zinkhoswe ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhale ku Chipata sizinkatha bwino DJ asanaike "Khona". Anthu ankaidziwa kuti ndi nyimbo ya Mafikizolo, koma ndi ochepa amene ankafunsa kuti Uhuru, dzina linalembedwa pambali pake, ndi ndani. Uhuru linali gulu la anyamata opanga nyimbo ku kampani ya Kalawa Jazmee, ndipo mmodzi mwa iwo anali Themba Sekowe, amene lero dziko limamudziwa kuti DJ Maphorisa. Iyeyu adabadwa mu 1987 ku Soshanguve, komboni yaikulu imene ili pafupifupi makilomita 30 kumpoto kwa mzinda wa Pretoria.

Kalawa Jazmee yakwanitsa zaka zoposa 30. Kampani yojambula nyimbo yoyambitsidwa ndi oyimba okhaokha popanda ndalama za makampani akuluakulu akunja, sikawirikawiri imafika zaka zimenezi. Likulu lake lakhala ku Johannesburg kuyambira kale, koma mbiri yake imadutsa m'makomboni a ku Pretoria kawiri: poyamba penipeni, komanso pamene inkafuna magazi atsopano.

Oyambitsa anali atatu osafanana n'komwe. Don Laka anali katswiri wa piyano ndi jazi wochokera ku Mamelodi, kum'mawa kwa Pretoria, munthu amene anali atagwira kale ntchito m'masitudiyo a makampani akuluakulu ndipo ankadziwa mmene ndalama zimayendera kumeneko. Christos Katsaitis anali DJ wa nyimbo za house, mzungu wa makolo achigiriki. Wachitatu, Oscar Mdlongwa, yemwe amatchuka ndi dzina loti Oskido, adakulira ku Luveve mu mzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe. Atafika ku Joni adayamba ndi kugulitsa soseji zowotcha panja pa kalabu ya Razzmatazz ku Hillbrow, ndipo usiku ukapita, makasitomala atachepa, ankalowa m'kati kukaona mmene ma DJ akuseweretsera mbale. Mmalawi aliyense amene adayambapo moyo wa ku Joni ndi kageni ka m'mbali mwa msewu akhoza kumvetsa chiyambi chotere.

Nkhani ya mbale ndiyo ikufuna kufotokozedwa bwino, chifukwa m'mbalemo ndi mmene mudachokera zonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nyimbo za house zochokera ku Chicago, New York ndi London zinkafika ku South Africa pa mbale zakuda zija zagalamafoni, zazikulu mainchesi 12, nyimbo imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse. Zinali zodula ndiponso zosowa, moti DJ amene anali ndi mbale yomwe anzake alibe ankalemekezeka. Makina oseweretsera amene ma DJ ambiri ankawakonda, a Technics SL-1200, ali ndi kachitsulo kumanja komwe ukakakankha nyimbo imathamanga kapena kuchedwa mpaka maperesenti 8. Ma DJ a m'makomboni adaona kuti anthu awo amavina bwino kachitsuloko akakabweza pansi. Nyimbo yopangidwa kuti izigunda ka 120 kapena kuposerapo pa mphindi inkatsitsidwa kufika cha m'ma 110, besi n'kumamveka yolemera, ovina n'kupeza mpata wogwedeza mapewa. Kenako anyamata adayamba kuikapo mawu awoawo m'Chizulu, m'Chisotho ndi m'chinenero chosakaniza cha m'misewu. Chamba cha kwaito chidabadwa motero.

Chodabwitsa n'chakuti kwaito, mwana wa mbale, sadayende pa mbale. Nthawi imene ankabadwa, makampani akuluakulu a m'dzikomo anali akusiya kupanga mbale n'kutembenukira ku makaseti ndi ma CD. Komanso makampaniwo, monga Gallo imene idayamba mu 1926 ndi EMI, sadaone msanga phindu mu nyimbo zobwerezabwereza mawu ochepa za anyamata a m'komboni. Choncho a Kalawa ankakopera okha makaseti, kuwalongedza m'buti ya galimoto, n'kumakagulitsa m'madepoti a minibasi ndi pakhomo pa makalabu. Dalaivala wa minibasi akagula kaseti imodzi, anthu mazanamazana ankaimva tsiku lomwelo popita ndi pobwera kuntchito. Wailesi ya YFM, imene idadzatsegulira kwaito khomo lalikulu, idayamba kuulutsa mawu mu 1997, Kalawa itadzipezera kale msika wake.

Kwathu kuno anthu achikulire amakumbukira njira yofanana ndi imeneyi: oyimba akujambula ku situdiyo ya a Paul Banda ku Balaka, makaseti n'kumagulitsidwa kwa O.G. Issa. Kusiyana kwake n'kwakuti a Kalawa adagwira okha zonse zitatu, kujambula, kukopera ndi kugulitsa, ndipo ndalama zinkabwerera kwa iwo eni.

Gulu loyamba kutchuka linali Boom Shaka, la Lebo Mathosa, Thembi Seete, Theo Nhlengethwa ndi Junior Sokhela, lomwe nyimbo yake "It's About Time" idatuluka mu 1993, kutatsala chaka chimodzi kuti Nelson Mandela asankhidwe. Christos adachoka chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo Kalawa idaphatikizana ndi Jazmee, kampani ya anyamata a ku Soweto a gulu la Trompies, kuphatikizapo Spikiri, Mahoota ndi Mjokes. Dzina la mawu awiri lija lidachokera pamenepo.

Kuyambira apo kampaniyi idakana kukhala ya chamba chimodzi. Trompies ankavala zipewa ndi nsapato za mapantsula, n'kumayimba za moyo wa m'komboni mosabisa. Bongo Maffin adasakaniza mawu amphamvu a Thandiswa Mazwai, ndakatulo za Stoan Seate m'Chitswana, ndi rege ya Appleseed, mnyamata wa ku Zimbabwe amene ankaponyamo Chishona. Don Laka ankatulutsa zimbale za piyano zomwe adazitcha kwaai-jazz, zomvera anthu akuluakulu Lamulungu masana. Mafikizolo adabwerera m'mbuyo kukatenga marabi ndi kwela za m'zaka za m'ma 1950, n'kuvala masuti ndi zipewa za nthawi imeneyo. Chimbale chawo cha Sibongile cha mu 2002 chidawalowetsa m'nyumba za agogo amene poyamba ankati kwaito ndi phokoso la ana osamva. Oskido nayenso ankasonkhanitsa nyimbo za house m'zimbale zotchedwa Church Grooves. Gulu lina likazilala pa msika, lina linkadyetsa kampani, ndipo mwina ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene Kalawa idakhalira moyo pamene makampani ena a kwaito a nthawi yake ankatsekedwa.

Sikuti zonse zinali bwino. Boom Shaka idachoka ku Kalawa cha mu 1998 pa mkangano wa umwini wa nyimbo ndi ndalama zake, zomwe zidaonetsa kuti kampani ya anthu akuda nayonso ikhoza kudandaulitsa oyimba ake monga ankachitira makampani a azungu. Imfa nazo sizidaiphonye: Tebogo Madingoane wa Mafikizolo adawomberedwa mu 2004, Lebo Mathosa adafa pa ngozi ya galimoto mu 2006, ndipo Mjokes adafanso pa ngozi ya pamsewu mu 2021.

Pofika cha m'ma 2010 kwaito anali atakalamba. Makaseti adatha, ma CD ankakoperedwa mwachinyengo pa ngodya iliyonse, ndipo achinyamata ankapatsirana nyimbo pa mafoni. Apa m'pamene Soshanguve idalowa m'nkhani.

Komboniyi ndi yaing'ono m'zaka. Boma la tsankho lidaikhazikitsa mu 1974 kum'mawa kwa Mabopane, pofuna kusiyanitsa anthu ndi mitundu yawo: Mabopane idaperekedwa ku Bophuthatswana, dziko lachiphamaso la Atswana lomwe lidapatsidwa "ufulu" mu 1977, ndipo amene sanali Atswana adaunjikidwa tsidya linalo. Dzina lenilenilo adalilumikiza kuchokera ku Sotho, Shangaan, Nguni ndi Venda. Ndondomeko yofuna kulekanitsa mitundu idathera pomanga malo amene mitundu inayi imakhala khomo ndi khomo, ana n'kumakula akumva zinenero zingapo pa msewu umodzi, kuwonjezera pa Sepitori, chinenero chosakaniza cha m'makomboni a ku Pretoria. Kalembera wa mu 2011 adapeza anthu oposa 400,000 m'menemo. Madera ake amatchulidwa ndi zilembo, Block H, Block L, Block BB, ndipo muli masukulu a Tshwane University of Technology amene amadzaza malowo ndi ophunzira, anthu osachedwa kudzaza holo ya dansi Lachisanu.

Pretoria inali kale ndi mbiri ya house. Vinny Da Vinci, mmodzi mwa ma DJ amene adasunga mwambo woseweretsa mbale, adatchukira kumeneko, ndipo ndi mmodzi mwa eni House Afrika, sitolo ya mbale ya ku Johannesburg imene idasanduka kampani yotulutsa nyimbo. Ku Atteridgeville, komboni ina ya mzindawu, DJ Spoko ndi DJ Mujava adapanga chamba cha bacardi, cha ng'oma zolira mwachangu ngati za perete wa asilikali. Nyimbo ya Mujava "Township Funk" idatulutsidwa pa mbale ku Britain ndi kampani ya Warp mu 2008. Mbale zija zidabwera kuchokera ku London zaka 20 m'mbuyomo, tsopano London ndiyo inkadinda nyimbo ya ku Pretoria.

Ku Soshanguve anyamata awiri, Thabo Mabogwane wotchedwa Smol ndi Bongani Mohosana wotchedwa Murdah Bongz, adayambitsa Black Motion mu 2010. Chosiyanitsa iwo ndi anzawo chinkaoneka ndi maso. Pa siteji mmodzi ankaima pa makina a DJ, winayo ali pakati pa ng'oma zenizeni akuziomba ndi manja ndi timitengo, thukuta lili kamukamu, kotero kuti nyimbo yomweyo sinkamveka chimodzimodzi mausiku awiri. "Banane Mavoko" ndiyo idawatulutsa, ndipo chimbale chawo choyamba, Talking to the Drums, chidatuluka ku Kalawa Jazmee mu 2011. Mitu ya zimbale zotsatira, monga Fortune Teller ya mu 2014 ndi Ya Badimo ya mu 2016, imaloza ku mizimu ya makolo ndi asing'anga, nkhani zomwe nyimbo za m'makalabu zinkazipewa. Adapambana mphoto za South African Music Awards, ndipo sadakhalitse pansi pa denga la eni: adatsegula kampani yawoyawo, Spirit Motion. Mu 2022 Murdah Bongz adapatuka n'kuyamba kuyimba payekha ndi dzina loti Mörda, Smol n'kupitiriza gululi ndi mnzake watsopano.

Maphorisa adayenda njira ina, ya m'situdiyo. Ndi Uhuru adapanga "Y-tjukutja", mmene munali Oskido, Professor ndi Yuri da Cunha wa ku Angola, komanso "Khona", imene idadzutsa Mafikizolo patapita zaka zingapo ali chete. Pa mphoto za MTV Africa Music Awards zomwe zidachitikira ku Durban mu 2014, "Khona" idasankhidwa kukhala nyimbo yapamwamba ya chakacho. Kampani ya zaka 20, imene ambiri ankaiona ngati ya nthawi ya makaseti, idapezeka ikuvinitsa Lagos, Luanda ndi Lusaka chifukwa cha ntchito ya anyamata amene anali ana aang'ono pamene Boom Shaka inkayamba.

Maphorisa nayenso sadakhale ku Kalawa. Dzina lake lili pa mndandanda wa amene adapanga "One Dance" ya Drake ndi Wizkid mu 2016, nyimbo yoyamba kumveredwa kokwana 1 biliyoni pa Spotify. Adatsegula BlaqBoy Music, kenako New Money Gang, ndipo mu 2019 iye ndi Kabza De Small adatulutsa Scorpion Kings, chimbale chimene chidathandiza kutulutsa chamba cha amapiano m'makomboni a ku Gauteng kupita kunja. Pambuyo pake Soshanguve idatulutsanso Pabi Cooper, mtsikana amene adayamba ndi kuvina pa makanema a pa foni asanayambe kuyimba.

Wina akhoza kunena kuti Kalawa idaluza, poti ana ake abwino onse adachoka. Kunena zoona, anachita chimodzimodzi chimene Laka, Oskido ndi Christos adachitira Gallo ndi EMI: kuphunzira ntchito, kenako kudzilembera dzina pa chitseko. Funso lomwe Boom Shaka idafunsa mu 1998, loti nyimbo ikajambulidwa mwini wake ndani, likuvutitsabe oyimba a amapiano lero, ndipo tsopano amene akufunsidwa ndi mabwana achinyamata omwe dzulo anali ofunsa.

Mbale nazo zidabwerera, koma polowera kwina. Kuyambira cha m'ma 2015 makampani ang'onoang'ono akunja, monga Rush Hour ya ku Amsterdam, Soundway ya ku Britain ndi Awesome Tapes From Africa ya ku America, akhala akufukula nyimbo za ku South Africa za m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 n'kuzidinda pa mbale, ena mothandizidwa ndi DJ Okapi wa Afrosynth ku Johannesburg. Nyimbo zomwe zinkagulitsidwa pa kaseti m'depoti tsopano zimagulidwa ndi osonkhanitsa mbale a ku Ulaya ndi ku Japan pa mtengo umene mnyamata wa ku Block L sangaganize zolipira. Iye nyimbo zake amapangira pa laputopu m'chipinda cha kuseri kwa nyumba, n'kuzitumiza pa WhatsApp usiku womwewo.

Mu 2022 Maphorisa ndi Kabza De Small adachititsa phwando la Scorpion Kings ku SunBet Arena ku Pretoria. Mu Ogasiti 2025 adalisamutsira ku Loftus Versfeld, bwalo la rugby la mzindawo lolowa anthu pafupifupi 50,000.