MTENGO WA PA KHOMO: MWINI WACE NDANI?

Munthu wa ku Kitwe kapena ku Lusaka amene afuna kugwetsa mtengo waukuru woima pa bwalo la nyumba yace amadabwa anzace akamuuza kuti ayambe wapita ku khonsolo kapena kwa a Nkhalango kukapempha cilolezo. Iye amati, "Nyumba ndi yanga, nkhwangwa ndi yanga; nanga Boma lilowapo bwanji?" Yankho la funso limeneli liri m'mbiri ya dziko lino, pakuti ciyambire kale wodula mtengo waukuru anali naye womupempha. Cimene cakhala cisintha ndico dzina la wopemphedwayo.

M'masiku a makolo eni mitengo anali mafumu ndi mizimu. Kwa Acewa kunalibe munthu wolimba mtima wakuti nkulowa ndi nkhwangwa ku manda popanda mau a mfumu, ndipo ndico cifukwa cace woyenda ku Katete kapena ku Chadiza amaona timisitu tobiriwira pakati pa minda yoyera mbee. Wotsegula munda watsopano anali kusiya msuku ndi mpundu, cifukwa zipatso zace zinali za ana a mudzi wonse. Ku Ulozi, Litunga anali ndi nduna zoyang'anira nkhalango, ndipo wofuna mtengo wa bwato anali kuyamba wapempha kwa izo.

Atafika Azungu lamulo linayamba kucokera ku Boma. M'caka ca 1906 akuru a Kampani ya British South Africa analetsa citemene m'dziko la Awemba. Citemene ndi ulimi umene amuna amakwera m'mitengo nasadza nthambi, akazi naziunjika pamodzi, ndipo zitauma amazitentha nafesa mawere m'phulusamo. Azunguwo anati ulimiwu uononga thengo, komatu anafunanso kuti anthu aleke kumwazika m'misasa ya kuminda, akhale m'midzi ikuruikuru momwe msonkho ukanasonkhetsedwa mosabvuta. Zakudya zinacepa, madandaulo anacuruka, ndipo pasanapite zaka zambiri lamulolo linafooka.

Tsono codabwitsa ndi ici: nkhwangwa zimene zinatha mitengo yocurukitsa m'kanthawi kocepa zinali za migodi. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kuturutsa mkuwa m'caka ca 1931, wa Nkana mu 1932, wa Mufulira mu 1933, ndi wa Nchanga mu 1939. Pansi pa mgodi pamafunika nsanamira zocirikiza thanthwe kuti lisagwere anthu, ndipo nsanamirazo zinacokera m'nkhalango zapafupi. Koma bvuto lalikuru linadza itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Moto wa magetsi ndi wa ng'anjo zosungunula mkuwa unali kudalira malasha a ku Wankie, ku Southern Rhodesia, ndipo njanji imodzi yokhayo inalephera kutuma malasha okwanira. Cotero makampani analemba anthu zikwi zambiri kuti adule nkhuni. Mitondo ndi miombo inagwa usana wonse, magalimoto akuru naitutira ku moto, kufikira malo amene anali mdima wa nkhalango anasanduka zitsa zokhazokha. Nchito imeneyi inayamba kucepa mu 1956, pamene magetsi a ku Congo anafika ku Migodi, ndipo mu 1960 anafikanso a ku Kariba. Pofuna kubwezera mitengo ya matabwa ndi nsanamira, Boma linabzala minda yaikuru ya paini ndi bulugamu pafupi ndi Ndola ndi Kitwe, imene kuyambira 1982 iri m'manja a kampani ya ZAFFICO.

Nanga mtengo wa pa khomo? M'komboni ya mgodi nkhani yace inali yaifupi. Nyumba inali ya kampani, ndipo zonse zomera pa bwalo zinali za kampani. Wanchito anali kubzala mango, papaya kapena kotapeya, nathirira zaka zambiri, koma tsiku lotha nchito anali kupereka makiyi, kumanga katundu ndi kusiya mthunzi kwa mlendo. Ambiri anaona kuti kubzala mtengo wocedwa kukula ndi kudzibvuta cabe. Momwemonso m'nyumba za khonsolo, wokhalamo anali wolipira lendi, wopanda mphamvu pa mtengo uli wonse.

Zinthu zinatembenuka mu 1996, pamene Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo. Patapita kanthawi nyumba za ZCCM nazo zinagulitsidwa, makamaka kwa anchito a m'migodi. Anthu amene makolo ao sanakhalepo ndi nyumba m'tauni anakhala eni mapuloti, ndipo mitengo yambiri yakale inagwa kuti papezeke malo a mpanda wa njerwa, a kantemba, kapena a cipinda ca lendi.

Koma pepala la nyumba silipereka zonse. Kuyambira 1975 munthu sagula nthaka ya Zambia kuti ikhale yace mpaka muyaya; nthaka yonse iri m'dzina la Pulezidenti, ndipo mwini nyumba amangoibwereka, kawirikawiri kwa zaka 99. Lamulo la Nkhalango la 1973 linaikanso mitengo ya m'nkhalango zosungidwa, ya m'malo a mafumu ndi ya pa nthaka ya Boma m'dzina la Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, ndipo lamulo la 2015 limene ligwira nchito tsopano linasunga mfundo yomweyo. Wofuna kuotcha makala ogulitsa kapena kunyamula matabwa pa mseu ayenera kukhala ndi cilolezo ca a Nkhalango.

M'tauni muli zifukwa zinanso zimene mfumu ya kale sinazidziwe. Pamwamba pali nthambo za ZESCO, pansi pali mipope ya madzi, ndipo denga la mnansi liri mapazi ocepa cabe kucokera pa tsinde. Mtengo wodulidwa mwaumbuli ungazimitse magetsi a komboni yonse kapena kupha mwana wosewera kuseri kwa mpanda. Ndico cifukwa cace a khonsolo amafuna kuuzidwa nkhwangwa isanakhudze mtengo waukuru, makamaka woima m'mbali mwa mseu, umene suli wa mwini puloti ngakhale masamba ace agwera m'bwalo mwace.