Amayi awiri, njinga yamoto ndi kalendala ya mvula

Sabata ino ndabwera ndi mbiri ya amayi awiri a ku England, Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron. Pa 11 Disembala 1934 anakwera njinga yamoto ya mtundu wa Panther, yokhala ndi kampando kam'mbali komanso kangolo kumbuyo, n'kunyamuka ku London kulowera ku Cape Town. Anakafika pa 29 Julayi 1935. Miyezi isanu ndi iwiri ndi theka ali pamsewu, ndipo kwina msewuwo kunalibe n'komwe.

Ambiri akamva nkhaniyi amatama kulimba mtima. Ine chimene chimandigwira ndi tsiku lonyamukiralo. Mwina n'chifukwa cha geni yanga ya tomato, poti ife timadzuka n'kuyang'ana kumwamba tisanayang'ane m'chikwama. Pakati pa London ndi Cape Town pali chipululu cha Sahara, ndipo njinga yonyamula katundu chonchi ingadutsemo pa miyezi yozizirirapo basi, kuyambira Disembala mpaka cha mu Febuluwale. Ukachedwa, dzuwa limakuphera injini, kenako mwini wake. Ukatuluka m'chipululumo, kutsogolo kukudikira mvula ya ku Congo, Uganda ndi Kenya, imene imalimba kuyambira Malichi mpaka Meyi n'kusandutsa misewu yadothi kukhala phala. Ulendo wonse unali ngati kudutsa zitseko ziwiri, china chisanatseke, china chitangotseguka.

Anadzera ku Algiers n'kulowa mumchenga opanda ngakhale kampasi. Asilikali a France amene ankalamulira derali sankafuna kuwalola, koma amayiwo anakakamira. Mavuto enieni anawapeza ku Agadez, m'dziko limene lero ndi Niger. Injini inafa, ndipo anakhala masabata angapo kuti ikonzedwe yonse. Tsiku lililonse lokhala pansi linkawakankhira kufupi ndi matope akutsogolo. Komabe ankadziwa chimene akuthawa, ndi mwezi umene chibwere. Anapitirira mpaka kudutsa Tanganyika ndi ma Rhodesia awiri aja, Zambia ndi Zimbabwe wa lero.

Tsono taganizani munthu akukonza ulendo womwewo lero. Njinga ndi zamphamvu, foni ikumuuza za mawa, phula lafika kutali. Koma kalendala imene amayi aja anaidalira yayamba kunama. Mu Epulo 2024 ku Kayes, m'dziko la Mali, kunatentha mpaka madigiri 48.5. Mu Seputembala chaka chomwecho mvula inakhuthuka m'chipululu kum'mwera kwa Morocco, nyanja ya Iriqui imene inauma zaka pafupifupi 50 n'kudzaza madzi. Ku Niger madzi osefukira anapha anthu mazanamazana. Kum'mawa kwa Africa nako, nyengo zisanu za mvula zinalephera motsatizana kuyambira 2020, kenako mu 2024 madzi anakokolola misewu ndi midzi ku Kenya. Eti chipululu chimene ankaopa kuferamo ndi ludzu, lero ungatsekeredwemo ndi madzi!

Wallach analemba za ulendowu m'buku la The Rugged Road, limene linatuluka iye atamwalira kale mu 1999. Ndimayesa kuganiza atakhala ndi mapu patebulo lero, pensulo m'manja, akufuna kulemba tsiku lonyamuka. Mnyamata wa kabaza amene amandibweretsera madengu kuchokera kudimba ndinamufunsa kuti iye akanasankha mwezi uti. Anangoseka, n'kuti, "Mayi, ine za mawa lenilenili ndimaona kukacha."