Kale m'dambo simunkamangidwa nyumba

Adzukulu anga, mukaona Kawale, Biwi ndi Mchesi lero mumayesa nyumba zija zinamera pamodzi ndi dziko. Likulu lisanachoke ku Zomba mu 1975, Lilongwe inali tauni yaing'ono, ndipo kunsi kwa mitunda yake kunali madambo okhaokha.

Makolo athu sankazika nsichi asanayang'ane dothi. Pamakande akuda ong'ambika m'chilimwe, pomera bango ndi nsenjere, ankati mpamadzi pamenepo. Nyumba inkakhala kumtunda, pakatondo. Kudambo kunali kwa madimba, ng'ombe ndi udzu wofolera. Mvula ikatha, agogo ankatitengera kumtsinje n'kutilozera mapesi ndi zinyalala zokodwa m'nthambi za mkuyu, pena pamwamba kuposa mutu wa munthu wamkulu. Pamenepo mpomwe madzi analekeza chaka chimenecho, ndipo munthu wanzeru ankawerenga mapazi ambiri kuchoka apo asanalambule malo. Madzi saiwala khwawa, ankatero.

Dambo lija linali ndi ntchito yake. Linkamwa mvula ngati chinkhupule, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Anthu atachuluka, oumba njerwa anadya magombe, okumba mchenga analowa m'khwawa mwenimweni, malata anachuluka, ngalande n'kudzaza majumbo. Ku Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, mitengo inapita m'matumba a makala, mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalango. Tsono mvula yomwe kale inkalowa pansi inayamba kutsikira kumtsinje nthawi imodzi.

Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire, ena anachita kupulumutsidwa ndi helikopita ya asilikali. Mu Disembala chaka chomwecho madzi analowa m'nyumba ku Kawale, Biwi ndi Chipasula, ndipo tinaika maliro.

Masiku ano ophunzira za mitsinje ndi maonekedwe a nthaka amabwera ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga. Amayeza kutsetsereka kwa malo, kutambalala kwa khwawa ndi mzere wa matope umene madzi anasiya pakhoma, kenako amalemba pamapu malo oti anthu asakhalepo. Ine ndimawalemekeza, chifukwa mitengo ija yotiuza polekeza madzi inadulidwa kale, ndipo mapu awo ndiwo atsala. Chovuta n'chakuti wofuna puloti sawaona mapuwo. Ogulitsa amamuonetsa malo mu Seputembala, dambo litauma gwa, mtengo wake uli wotsika.